Kulondola Dzina la Paubwana: Malangizo kwa Achewa a mu Harare

Pa maliro ena amene tinasonkhana ku Mabvuku ndinaona chinthu chimene sichinachokebe m'maganizo mwanga. Panali abambo ena a zaka zoposa 60, mkulu wa mpingo amene achinyamata amagwada polankhula nawo, atakhala phee pabenchi kunja kwa siwa, chipewa chili pamaondo. Agogo ena aakazi amene anali atangotsika kumene basi kuchokera ku Dedza anaima patsogolo pawo, nawayang'anitsitsa kwa kanthawi, kenaka anafunsa kuti, “Kodi si iwe Kamtedza?” Abambowo anadzambatuka ngati mwana amene waitanidwa ndi make, ndipo misozi imene anali ataigwira usiku wonse inayamba kutsika. Titachoka kumanda anatifotokozera kuti dzinalo anawapatsa ndi amayi awo, iwo ali ndi zaka zinayi, chifukwa sankayenda opanda mtedza m'thumba la kabudula, ndipo kuti panali patadutsa zaka pafupifupi 50 osamvanso munthu akulitchula.

Dzina limene munthu amaitanidwa nalo ali mwana silitsalira ku ubwana ayi. Limakula naye, limamuuza mwakachetechete kuti iye ndi munthu wotani, ndipo limapitiriza kugwira ntchito ngakhale mwini wake ataliiwala. Kwa ife amene tinabadwira ndi kukulira muno mu Harare, makolo athu atachokera ku Malawi, ku Chipata kapena ku Tete, nkhaniyi ndi yaikulu koposa, pakuti ambiri tili ndi dzina la kunyumba, la kumsewu ndi la pachitupa amene sagwirizana, pamene anthu odziwa chiyambi cha mayinawo akutha mmodzimmodzi. Malangizo awa ndalembera munthu amene akufuna kulondola mayina ake ndi zimene amakumbukira za ubwana wake, kuti asiyanitse zimene zinamumanga ndi zimene zinamuvulaza, ndiponso kuti asankhe mwanzeru zoti asiyire ana ake.

Yambani ndi kulemba mayina onse

Gulani kope la chikuto cholimba, lofanana ndi limene alembi a mabungwe a maliro amasungiramo zopereka. Foni imatayika kapena kuwonongeka, komanso akuluakulu amaiona ntchito kukhala yolemekezeka akaona mawu awo akulembedwa ndi dzanja. Dzina lililonse limene munaitanidwapo mulipatse tsamba lakelake, ndipo pansi pake mulembe amene ankalitchula, malo amene linkamveka, zaka zimene munali nazo, ndi mmene mumamvera mumtima mukalitchula lero. Musasiye dzina chifukwa choti ndi lochititsa manyazi, pakuti kawirikawiri limenelo ndi limene lili ndi zambiri zokuuzani.

Mudzaona kuti Mchewa sakhala ndi dzina limodzi. Loyamba ndi limene mwana amapatsidwa potuluka m'chikuta, mchombo utagwa, ndipo limanena zimene zinali m'banja panthawiyo. Mavuto, Masozi, Chisoni ndi Tsoka amakumbutsa nyengo yowawa, pamene Mwayi, Dalitso, Chimwemwe ndi Thokozani amanena za mtima woyamika. M'banja limene ana ankamwalira motsatizana, wobadwa pambuyo ankatha kutchedwa Manda kapena Maliro, osati chifukwa chomuda, koma pofuna kuti imfa imulambalale. Kenaka pali dzina la ubatizo kapena la kumzikiti, dzina limene ena analandira ku chinamwali, ku dambwe kapena ku jando, ndi mfunda, umene umachititsa kuti mayi aitanidwe Naphiri, Nabanda kapena Nambewe. Pamwamba pa amenewa pamabwera mayina osereula a kusukulu ndi a kumpira, ndipo munthu akabereka amasanduka make uje kapena bambo ake a uje, mpaka anansi ena amakhala naye zaka zambiri osadziwa dzina lake lenileni.

Chitsanzo chodziwika ndi cha mtsogoleri woyamba wa dziko la Malawi. Anatchedwa Kamuzu, kutanthauza muzu waung'ono, chifukwa amayi ake anatenga pathupi atamwa mankhwala a mizu, ndipo la ubatizo la Hastings analitenga pambuyo pake potengera mmishonale wa ku Scotland, John Hastings. Ali mnyamata anadutsa m'dziko lino nagwirapo ntchito pachipatala cha ku Hartley, kumene lero ndi Chegutu, asanapitirire ku South Africa. Atabwerera kwawo mu 1958, patatha zaka zoposa 40 ali kunja, dzina limene linakhazikika pakamwa pa anthu silinali la ubatizo lija koma la m'chikuta.

Dziwani mmene mayina athu anapindikira kuno

Musanapite kukafunsa aliyense, ndi bwino kumvetsa chifukwa chimene dzina la pachitupa cha agogo anu lingasiyanire ndi limene abale a kumudzi amalidziwa. Agogo athu ambiri anafika dziko lino likutchedwa Southern Rhodesia, mzinda uno ukutchedwa Salisbury, dzina limene linasinthidwa kukhala Harare mu 1982. Ena anayenda pansi kudutsa ku Tete nawoloka Zambezi, ena anakwera magalimoto onyamula antchito mwaulere otchedwa Ulere, ena analembedwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito lotchedwa Mthandizi, ndipo anthu anapitirizabe kubwera m'zaka za Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland (Malawi wa lero), kuyambira 1953 mpaka 1963. Anagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi ngati ya Shamva ndi Arcturus, ndi m'makhitchini a Azungu, nakhazikika ku Mbare, Highfield, Mufakose, Dzivarasekwa, Mabvuku, Tafara ndi Epworth. Amene sanabwererenso, kwawo anawatcha matchona.

Pa ulendo umenewu dzina linkadutsa m'makutu a anthu osadziwa chinenero chathu. Kalaliki ankalemba zimene wamva, ndipo popeza Chishona chilibe chilembo cha l, a Mwale ena anasanduka a Mware, a Chisale nakhala a Chisare, pamene a Phiri ena analembedwa Piri. Ena analembetsa dzina loyamba la bambo awo ngati dzina la banja, mfunda n'kutsalira panjira. Enanso anapatsidwa ndi mabwana awo mayina ngati Supuni, Foloko ndi Sikisi, chifukwa bwanayo sanafune kuvutika ndi dzina lenileni, ndipo mayina amenewa analowa m'zitupa mpaka lero zidzukulu zikuyenda nawo. Agogo anga aamuna anakhala moyo wawo wonse ndi dzina limene kapitawo wa pafamu ina anawapatsa tsiku loyamba la ntchito. Dzina limene amayi awo anawatcha tinalimva koyamba kwa mlongo wawo, amene anabwera kudzaona chiliza patatha zaka ziwiri iwo atamwalira.

Palinso amene anasintha okha mayina pofuna kubisala. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina anayenera kukana unzika umenewo, ndipo anthu ambiri obadwira kuno, amene sanapondeko n'komwe ku Malawi, anapezeka akuwerengedwa ngati alendo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonza zambiri. Gawo 43 limavomereza kuti munthu amene anabadwira m'Zimbabwe malamulowo asanayambe, kholo lake lili nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye akukhala m'dziko muno, ndi nzika yobadwa, pamene gawo 6 linaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka. Komabe mantha a zaka zija anasiya mabanja ena atatenga mayina ndi mitupo ya Chishona, ndipo si kwa ife kuwaweruza, pakuti ankateteza ana awo. Chofunika ndi kudziwa kuti kusinthako kunachitika liti ndiponso chifukwa chiyani.

Fufuzani m'sutikesi ya malemu zitupa zakale, makhadi a ubatizo, mitchatho ya ukwati ndi makalata ochokera kumudzi, amene pa envelopu pamakhala dzina la mfumu ndi la boma. Mpingo wa CCAP kuno unayambira pakati pa antchito ochokera ku Nyasaland, ndipo sinodi ya Harare inalowa m'gulu la masinodi a CCAP mu 1965, kotero mabuku a ubatizo ndi a maukwati a m'mipingo yake angathe kukhala ndi dzina lolembedwa ndi munthu wodziwa Chichewa. Alembi a mabungwe a maliro ndi akuluakulu a m'mizikiti nawonso amasunga zambiri.

Kufunsa akuluakulu

Apa ndiye pagona ntchito yonse, ndipo ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa chifukwa cha changu. Yambani ndi wamkulu koposa amene ali moyo, ngakhale atakhala kutali, pakuti wamng'ono angathe kudikira chaka chamawa koma nkhalamba ya zaka 85 simungaiikire nthawi. Popeza ife timalondola mbumba kuchikazi, musaiwale amalume ndi azichemwali a amayi anu, koma azakhali nawonso ndi ofunika, chifukwa nthawi zambiri ndi amene amadziwa za mfunda ndi mayina a kuchimuna. Musanyozere anansi akale a mumzere umene munakuliramo. Mayi wa Chishona amene ankagulitsa tomato pakona angathe kukumbukira dzina limene anzanu ankakuitanirani, limene makolo anu sanalimvepo.

Musapite chimanjamanja, ndipo musatulutse kope mutangofika. Tengani shuga, buledi kapena sopo, perekani moni mokwanira, funsani za moyo wawo ndi wa abale, idyani chimene akupatsani. Nkhani ya mayina muiyambe mtima wawo utakhala pansi, mwina ndi mawu onga awa: “Agogo, ine ndakula tsopano ndipo ana anga akundifunsa zimene sindikuzidziwa. Ndabwera kuti mundithandize. Kodi pamene ndinabadwa, dzina langa ananditcha ndani?” Lankhulani Chichewa ngakhale chanu chitasakanizika ndi Chishona, pakuti zimene munthu anaziona akulankhula chinenero china zimatuluka mosavuta m'chinenero chomwecho. Ngati mukufuna kujambula mawu pafoni, pemphani kaye, ndipo akakana musaumirire.

Funso lalikulu ngati lakuti “ndiuzeni za ubwana wanga” limangobweretsa yankho lalifupi loti munali mwana wabwino. Funsani zing'onozing'ono zogwirika. Kodi tinkagona chipinda chiti? Madzi tinkatunga kuti? Ndani ankandibereka kumbuyo amayi akapita kumsika? Ndinkalira chiyani, ndipo ankanditonthoza ndi nyimbo yanji? Mukafunsa motere mudzaona kuti dzina losereula limatuluka lokha pamodzi ndi nkhani yake. Zinthu zooneka ndi zonunkhira zimathandiza kwambiri, chifukwa mbali ya ubongo imene imamva fungo ili pafupi ndi mbali zimene zimasunga zikumbukiro ndi mmene munthu amamvera mumtima. Fungo la usipa wokazinga, la thobwa kapena la chigumu chochokera pamoto lingathe kutsegula zimene mafunso khumi alephera. Chithunzi chakale, mpando wa ndalema, mtondo kapena chitenje cha malemu zimachitanso chimodzimodzi.

Tchulaninso masewera. Ife ana a muno tinkasewera zinthu zomwezo m'mayina awiri: kunyumba ndi masanje, kumsewu ndi mahumbwe, agogo akayamba nthano ndi “Padangotero” tinkayankha kuti “Tili tonse”, koma kwa anansi tinkamva “Paivapo” ndi kuyankha “Dzepfunde”. Funsani kuti pa masanje munkakhala ndani, bambo, mayi, mwana kapena fisi, ndipo pa mpira wa chikulunga ankakuikani pati. Malo amene mwana amapatsidwa pa masewera nthawi zambiri ndi amene amabala dzina lake, ndipo ena amakhala pa malo omwewo mpaka ukulu.

Pali zina zimene simuyenera kuzikakamiza. Munthu amene anavinidwa kapena kulowa ku dambwe nalandira dzina latsopano, kumuitana ndi dzina la paubwana pagulu ndi chipongwe chachikulu, ndipo kwa Ayao amene anapita ku jando mwambo ndi womwewo. Agogo a ku Dedza aja anali ndi ufulu wotero chifukwa anali azakhali amene anawalera abambowo, koma mdzukulu alibe ufulu umenewo. Mukauzidwa dzina lotere, lilembeni ndi chilolezo ndipo mulisunge mwaulemu. Za m'kati mwa Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 ndipo anzathu kuno amamutcha Zvigure, musafunse zimene wosalowa sayenera kumva. Komanso mukaona nkhalamba yakhala chete mwadzidzidzi pa dzina lina, dziwani kuti mwina mwakhudza mwana amene anamwalira kapena ukwati umene unatha moipa. Sinthani nkhani, mudzabwerenso tsiku lina. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musakhulupirire zonse zimene mukukumbukira

Akatswiri a maganizo a munthu anapeza kuti akuluakulu ambiri sakumbukira zimene zinachitika asanakwanitse zaka zitatu, ndipo zambiri zimene timati tikuzikumbukira za nthawi imeneyo ndi zimene tinauzidwa mobwerezabwereza. Mu 1995, Elizabeth Loftus ndi Jacqueline Pickrell a ku America anapatsa anthu 24 nkhani zinayi za ubwana wawo, zitatu zoona zochokera kwa achibale ndi imodzi yopeka, yonena kuti anasochera pamalo ogulitsira zinthu ali ndi zaka pafupifupi zisanu. Pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse anayamba kunena kuti akukumbukira zimene sizinachitikezo. Tanthauzo lake kwa inu ndi lakuti nkhani imene banja limakamba za inu ingathe kukhala yokokomezedwa, koma inu n'kuisenza ngati choonadi chenicheni. Choncho nkhani iliyonse yofunika muifunse kwa anthu awiri kapena atatu, aliyense payekha, ndipo akasiyana lembani zonse pamodzi ndi amene wanena. Musakangane ndi wamkulu pofuna kuwongola chaka kapena malo.

Siyanitsani mayina amene anakumangani ndi amene anakuvulazani

Mukasonkhanitsa zonse, khalani pansi panokha muwerenge tsamba ndi tsamba, mukudzifunsa kuti dzinali linandiuza kuti ndine munthu wotani, ndipo ndi khalidwe liti la lero limene likuchokera pamenepo. Kuti dzina limaumba khalidwe si nkhambakamwa. Mu 1954 Gustav Jahoda anasindikiza zimene anapeza pakati pa Aashanti a ku Ghana, amene amatcha ana potengera tsiku lobadwa. Kumeneko anthu amakhulupirira kuti mnyamata wobadwa Lolemba, Kwadwo, amakhala wofatsa, pamene wobadwa Lachitatu, Kwaku, amakhala waukali. Atawerenga mabuku a bwalo la milandu ya ana, anapeza kuti a Kwadwo anali ochepa, ndipo a Kwaku anali ochuluka pa milandu yovulaza anthu. Tsiku silipanga munthu kukhala wandewu, koma mwana amene aliyense akumuyembekezera kuchita ndewu amakula akumva chiyembekezo chimenecho tsiku ndi tsiku.

Ine agogo anga aakazi ananditcha Namzeze, chifukwa akandituma kukagula matemba kumsika wa ku Mufakose ndinkabwerako madzi a nsima asanawire. Dzinali linandipatsa chikhulupiriro choti ndine munthu wodalirika, ndipo chikhulupiriro chimenecho chandithandiza pa ntchito iliyonse imene ndagwira. Koma nditaliyang'anitsitsa ndinaona kuti linandiphunzitsanso kuti chikondi ndimachipeza pothamangira ena, kotero ndinakula ndikuvutika kukana pempho ngakhale thupi litatopa. Dzina labwino nalonso liyenera kufunsidwa, kuti mutenge mphamvu yake ndi kutula katundu amene linakusenzetsani.

Nkhani ya msuweni wanga ndi yowawa kuposa pamenepo. Ali mwana sankayankha msanga akaitanidwa, ndipo tonse, akulu ndi ana omwe, tinamutcha Gonthi. Patapita zaka zinadziwika kuti khutu lake limodzi linawonongeka ndi mafinya amene sanachiritsidwe ali wakhanda. Lero ndi bambo wa ana atatu, mmisiri wa matabwa waluso, koma pa msonkhano wa banja amakhala kumbuyo ndipo salankhula pokhapokha atafunsidwa kawiri. Tsiku limene ndinapita kumalo ake a ntchito kukamupepesa, anaika pansi chopalira matabwa, napukuta manja pa ovolosi, nandiuza kuti, “Asuweni, chimene chinkandipweteka si dzinalo ayi, koma kuti palibe anafunsa chifukwa chake sindikumva.” Ngati m'kope lanu mwapeza kuti inuyo ndi amene munatcha mnzanu dzina lotere, pitani mukapepese, ndipo musayambe ndi kunena kuti zinali zachibwana.

Ngati dzina lovulaza ndi lanu, muli ndi ufulu wolikana ngakhale patapita zaka 40. Musachite zimenezi pagulu kapena mutakwiya. Muitanireni pambali amene amalitchula, mumuuze mofatsa kuti dzinalo limakukumbutsani zowawa, ndipo mumupatse dzina limene mukufuna kuti azikuitanirani, chifukwa munthu sasiya chizolowezi ngati mulibe chimene mwamuikira m'malo mwake. Ngati ndi wamkulu amene simungamuuze maso ndi maso, tumani amalume kapena azakhali, monga mmene timachitira pa nkhani zina za m'banja. Ena adzaiwala kangapo, ndipo muziwakumbutsa osatopa. Koma ngati zimene mwakumbukira zikukhudza nkhanza kapena kugwiriridwa, ndipo zikukulepheretsani kugona kapena kugwira ntchito, imeneyo si nkhani ya kope lokha. Onanani ndi mlangizi wophunzira za maganizo kapena dokotala.

Pali mayina ena amene sanali a munthu mmodzi koma a mtundu wonse. Ambiri a ife tinakula tikuitanidwa Mubhurandaya, kuchokera ku dzina la Blantyre, kapena Munyasarandi ndi Mubwidi, ndipo ngakhale mawu aulemu akuti achimwene anasandutsidwa chotonzera. Mwana amene wamva zimenezi pabwalo la sukulu amafika kunyumba n'kuyamba kuyankha agogo ake m'Chishona, ndipo akakula amauza ana ake kuti kwawo ndi ku Mbare basi. Ine ndikuona kuti manyazi amenewa ndi amene atilanda Chichewa m'makomo ambiri kuposa china chilichonse. Lembani tsiku loyamba limene munamva dzina lotere, amene analitchula, ndi zimene munasiya kuchita kuyambira pamenepo. Mukaona zimenezi zitalembedwa ndi dzanja lanu, mudzazindikira kuti chimene munkachiyesa chibadwa chanu, monga kusafuna kutchula mfunda wanu pagulu, chinali chodzitetezera cha mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo munthu wamkulu angathe kuchisiya.

Za mapepala a boma ndinene mwachidule. Ngati dzina linalembedwa molakwika ndipo mukufuna kulikonza, kafunseni ku ofesi yolembetsa mayina ndi zitupa musanasinthe chilichonse, chifukwa kusintha dzina la banja kumadutsa kwa loya ndipo kumakhudza masatifiketi a sukulu, penshoni ndi mapepala a nyumba. Ambiri amasankha kusiya chitupa mmene chilili, n'kubwezeretsa dzina lenileni pakamwa ndi pachiliza. Mwana wobadwa kumene ayenera kulembetsedwa pasanathe masiku 42, ndipo polembetsapo werengani chilembo chilichonse musanachoke pawindo.

Zimene mungasiyire ana

Mu 2001 Marshall Duke ndi Robyn Fivush a ku yunivesite ya Emory ku Atlanta anakonza mafunso 20 oyesera mmene ana amadziwira mbiri ya banja lawo, monga kumene agogo awo anakulira, mmene makolo awo anakumanirana, ndi kumene dzina lawo linachokera. Anapeza kuti ana odziwa zambiri amakhala odzidalira ndipo amapirira bwino pa mavuto. Chimene chimathandiza si kuloweza mayankho, koma kukhala pamodzi n'kumakambirana, zimene makolo athu ankachita madzulo pamoto. Choncho kope lanu lisakhale lotsekeredwa m'sutikesi. Pa chakudya chamadzulo, kapena magetsi akazima, uzani mwana aliyense amene anamutcha dzina, tanthauzo lake, ndi zimene zinkachitika m'banja pamene ankabadwa. Musabise zowawa zonse. Mwana wotchedwa Mavuto ayenera kumva kuti mavutowo anali otani, kuti sanabwere ndi iye, ndiponso kuti banja linawadutsa bwanji.

Samalani ndi mayina amene inuyo mukutcha ana lero. Dzina lochokera pa chilema, pa khungu, pa kunenepa, pa kukodza pogona kapena pa kulephera kusukulu musalilole m'nyumba mwanu, ngakhale litachokera kwa agogo, ndipo mukamva abale akulitchula liletseni lisanazike mizu, pakuti kuwongola mtengo m'poyamba. Ngati mukufuna kutcha mwana dzina losereula, litengeni pa chinthu chabwino chimene mwamuona akuchita, ndipo akafika zaka za kusekondale mumufunse ngati akulifunabe, makamaka pamaso pa anzake. Mufunsenso mayina amene akuitanidwa kusukulu ndi m'magulu a pa WhatsApp, chifukwa masiku ano dzina lonyoza silithera pachipata cha sukulu, limamutsatira mwana mpaka pogona.

Ngati mungathe, pitani naye mwanayo kumudzi kamodzi, pa basi yodutsa ku Nyamapanda ndi ku Tete, kuti akamve mfunda wake ukutchulidwa ndi anthu amene sauona ngati wachilendo. Mwana wanga wamkazi anaitanidwa Nabanda koyamba ndi nkhalamba ina pachitsime ku Ntcheu, ndipo anatembenuka kuyang'ana kumbuyo poganiza kuti akuitana wina. Titabwerera ku Harare anandipempha kope lija. Tsamba lake lili ndi mayina anayi tsopano, ndipo lachinayi, limene anzake a m'kalasi amutcha chaka chino, analilemba yekha ndi pensulo, nandiuza kuti adzalilemba ndi bolopeni akatsimikiza kuti akufuna kulisunga.